Dzina Lobwereka

1. Mbendera zinayi

Tsiku limene a Ejnar Bundgaard ankakwanitsa zaka 80, Ragna anadzuka ali ndi mantha.  Anali mantha, omwe anali atagona nawo ndi kudzuka nawo kwa milungu itatu.

Anatsegula katani n'kusuzumira mumsewu. Pachilumba chathu pano munthu akafika zaka zoterezi msewu wonse umafiira ndi mbendera, kuyambira kudoko mpaka kutchalitchi. Ragna anawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Basi. Mitengo ina yonse ya mbendera inangoima njo, yopanda kanthu.

Chifukwa chake ankachidziwa. Ndipotu pachilumba chonse ndi iye yekha amene ankadziwa zonse za mmene nkhaniyi inayambira.

Ragna anali ndi zaka 15, mwana mmodzi yekhayo wa a Bodil Hvidberg, aja olemba mabuku. Mabuku awo si ocheza nawo. Amalemba za kalekale, za eni minda ikuluikulu amene ankatenga chilichonse chimene mtima wawo wakhumba: ng'ombe ya mwini, munda wa mwini, mwana wamkazi wa mwini. Anthu amati ukawerenga tulo sitibwera. Koma kugula amagula, inu, mpaka kutsidya kwa nyanja.

Tsono a Bodil anali ndi kalembedwe kawokawo. Munthu wa m'buku sankatha kumulemba asanamve mawu ake m'khutu, ndiye ankabwereka kwa amoyo. Akafuna mkulu wa asilikali ankamupatsa dzina la woyendetsa sitima yathu yapamadzi. Akafuna mayi wamiseche ankatenga dzina la mayi wa kusitolo. Ankalemba ndi dzanja pamapepala achikasu chaka chathunthu, mayina a anansi ali momwemo. Buku likatha ankatenga cholembera chofiira, n'kufufuta mayina onsewo, n'kuikamo opeka. Pakhomopo tsiku limenelo ankalitcha tsiku lochapa mayina.

Ragna ali ndi zaka khumi, amayi ake anamukhazika pansi n'kumuchenjeza.

"Ragna, tamvera. M'nyumba muno lowa paliponse. Tsegula firiji, vala nsapato zanga, sindikufunsa. Koma mapepala achikasu a patebulo langa usawagwire. Sikuti ndikubisa zamanyazi ayi. Pamapepala paja pali mayina a anthu amene timakumana nawo kusitolo, anthu osalakwa, amene sakudziwa n'komwe kuti ndawabwereka. Ine ndikudziwa kuti ndi nkhani yopeka. Iwenso ukudziwa. Koma pepala likatuluka pakhomo pano silinditenga ine kuti ndikalifotokozere. Limapita lokha, ndipo aliyense amaliwerenga mmene akufunira. Wandimva?"

"Ndamva, Amayi."

Ndipo anamveradi, zaka zisanu zathunthu.

Chaka chino a Bodil anabwereka a Ejnar, agogo ake a Sidsel, mnzake wa Ragna, chifukwa cha mawu awo basi. A Ejnar akati "moni" kudoko, amamveka kutchalitchi. Koma munthu wake ndi wofatsa zedi. Theka la ana a pachilumba pano anaphunzira kupalasa njinga iwo atagwira chishalo, ndipo Ragna anali mmodzi mwa iwo. M'bukumo dzina lawo linali pa mwini famu woipitsitsa amene a Bodil analembapo.

2. Chala chimodzi

Kusukulu kunali mnyamata wina dzina lake Malte, watsitsi lalitali, amene atsikana ambiri ankamufera. Ragna nayenso ankamufera mwakachetechete. Tsiku lina pa nthawi yopuma, Malte anamuyang'ana n'kuyasamula dala.

"Amayi ako aja amalemba za anthu oti anawola kalekale. Zotopetsa! Amawerenga ndani zimenezo, agogo?"

Anzake anaseka. Ragna nkhope inamuotcha.

Masana omwewo, amayi ake atapita kusitolo, analowa m'chipinda cholemberamo n'kujambula pepala limodzi ndi foni. Pamwamba pa pepala lililonse a Bodil amalemba chaka cha nkhaniyo, ndipo pamenepa panali 1768. Ragna anaona kuti chakacho ndi chimene Malte aseke. Ndi chala chimodzi anadula mutu wa chithunzicho, n'kutumiza chotsalacho.

Chotsalacho chinkati Ejnar Bundgaard anatseka chitseko cha chipinda cha mkaka, mtsikana wokama ng'ombe ali m'kati, n'kuika kiyi m'thumba. "Pafamu pano zonse ndi zanga," anatero, "ng'ombe ndi ozikama omwe." Zotsatira zake sindizibwereza pano.

Malte anayankha msangamsanga: "Eee! Agogo ake a Sidsel?"

Apa Ragna akanatha kunena kuti ayi, ndi dzina lobwereka. Koma kwa nthawi yoyamba Malte anali akudikira mawu ake, ndipo zinamukomera. Sanayankhe. Dzuwa lisanalowe chithunzicho chinali m'foni iliyonse pachilumba.

Mukuti anthu anakhulupirira bwanji zinthu zoterozo? Mosavuta. Kalembedwe ka dzanja la a Bodil aliyense amakadziwa. Aliyense amadziwanso kuti iwo salemba chinthu asanachifukule m'mabuku akale a kutchalitchi. Ndiye a Ejnar nawo analidi ndi famu zaka makumi asanu zapitazo, ndipo atsikana okama ng'ombe analipodi. Anthu anaphatikiza okha.

A Bodil anayesetsa. Anafotokoza kusitolo, anafotokoza kudoko, anaonetsa pepala lenilenilo lili ndi chaka chake pamwamba. Anthu anangogwedeza mitu mwaulemu, n'kukanena kuseri kuti chakacho achilemba dzulo poopa khoti.

Kamodzi kokha anafunsa mwana wawo.

"Ragna, unalowa m'chipinda changa?"

"Ayi, Amayi."

"Chabwino. Ndiye mwina ndi tsiku lija ndinkalemba m'sitima. Ndinapita kukagula khofi, mapepala ndinawasiya patebulo. Chitsiru ndine."

Chimene chinkamudya kwambiri Ragna ndi Sidsel, mdzukulu wa a Ejnar, mnzake wa pamtima kuyambira ali kusukulu ya mkaka. Sidsel anasiya kubwera kusukulu. Anauza Ragna akulira kuti sangathenso kuyang'ana agogo ake kumaso. Tsopano iye ndi mayi ake anali atalongedza katundu. Ankanyamuka tsiku lomwelo la phwando, pa sitima ya 4 koloko, kukakhala kwa achibale kumzinda wa Aarhus, kutsidya kwa nyanja, mpaka zinthu zitazizira.

3. Chenjezo la a Preben

Ragna atatsikira kukhitchini anapeza amalume ake, a Preben, atakhala kale patebulo atavala suti yawo ya kumaliro ndi kumaukwati. A Preben ndi achimwene a Bodil. Anapuma pantchito yoyenda ndi makalata, ndipo phwando lililonse pachilumba pano woyendetsa mwambo amakhala iwowo.

"Taona uyu," anatero. "Nkhope ngati wameza chule. Khala pansi, udye."

Ragna anadula buledi wakuda n'kupaka batala. A Bodil anali ataima pawindo, khofi akuzizira m'manja.

"Ejnar anandiimbira yekha," anatero a Bodil. "Akuti ndibwere. Akuti ndikapanda kubwera anthu anena kuti n'zoona. Preben, undiike pamndandanda wa olankhula. Mphindi ziwiri zokha."

"Sindikuika."

"Preben!"

"Ukangoimirira iwe, theka la holo lituluka. Wanena kale zako kusitolo, zathandiza chiyani?"

A Preben anakankha kapu yawo, n'kupinda manja.

"Bodil, mlongo wanga, ndimvere bwino. Ine ndayenda ndi makalata pachilumba chino zaka 38. Khomo lililonse ndikulidziwa, ndi galu wake yemwe. Anthu athuwa satukwana. Sabwera pakhomo pako kudzafunsa kuti kodi n'zoona. Amangosiya kukweza mbendera. Ukamadutsa amangopeza chochita mbali ina ya msewu. Ukumukumbukira mphunzitsi wamtali uja wa kumpoto? Wina ananena kuti amamenya mkazi wake. Palibe anaona, palibe anafunsa. Ine ndinkamupititsira makalata, ndipo ndinkaona ndekha makalata a Khirisimasi akuchepa chaka ndi chaka, mpaka inatsala imodzi, ya kwa dokotala wa mano. Atamwalira, mkazi wake analira kumanda kuti mwamunayo sanamugwirepo ngakhale ndi chala. Amene tinamva tinalipo asanu ndi mmodzi, kuwerengera abusa. Uja anali ndi zaka zambiri zodikira ndipo sizinamukwane. Nanga Ejnar? Ejnar ali ndi zaka 80. Alibe nthawi yodikira kuti anthu aiwale. Zikapitirira chonchi apita kumanda ndi dzina limeneli."



"Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri," anapitiriza a Preben, "n'chakuti amene anajambula pepala lija sanachokere kumwezi. Ali pachilumba pompano. Mwina lero adya nawo nyama ya Ejnar, n'kupukuta pakamwa bwinobwino."

Buledi anamutsamwitsa Ragna. Anakhosomola mpaka misozi.

"Pang'onopang'ono, iwe, palibe akukulanda," anatero a Preben.

Ragna anamwa madzi. "Amalume, kodi paphwando ana amaloledwa kulankhula?"

"Aliyense amene ali ndi tambula ndi supuni. Tambula ikalira, anthu amakhala chete mpaka wolizayo amalize. Bwanji, wakonza nyimbo?"

"Ayi. Ndimangofunsa."

A Preben anamuyang'ana kanthawi ndithu, kenaka anadzuka n'kukavala chipewa.

4. Mpando wa pambali

Phwando linayamba 12 koloko m'holo ya m'mudzi. A Ejnar anaitana anthu 80, munthu mmodzi pa chaka chilichonse cha moyo wawo. Pamalo pa aliyense panali khadi loyera la dzina lake, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe.

Anthu atakhala pansi m'pamene zinaoneka bwino. Apa mipando iwiri yopanda anthu, apo itatu, tebulo la kuwindo theka lonse mbee. Mbale zinali pomwepo, matambula ali pomwepo, makhadi ataima kudikira eni ake. Ragna anawerenga mipando 31.

Khadi lake linali pafupi ndi la Sidsel. A Ejnar ankadziwa kuti awiriwa salekana.

A Bodil anaikidwa pakati pa mlimi wina ndi mkazi wake. Onse awiri anawapatsa moni, kenaka anayamba kuchezerana modutsa pamutu pawo ngati pampandopo pali thumba la mbatata.

Supu inabwera. Achinyamata ena amapeza ganyu yoperekera zakudya pamaphwando, ndipo amene anabweretsa mbale ya Ragna anali Malte, atavala malaya oyera. Anawerama ngati akukonza supuni.

"Nkhope yakoyo ikutigulitsa," ananong'oneza. "Tamwetulira, iwe."

"Choka apa."

"Ndikukuuza. Ukangotsegula pakamwa tonse tapsa."

"Si iwe unatumizira anthu?"

"Ine ndinatumizira awiri okha. Wojambula ndani?"

Anapita. Ragna anayang'ana supuyo mpaka mafuta anayamba kuundana pamwamba.

Nyama ya nkhumba isanabwere, a Preben anaimirira n'kulengeza nyimbo yoyamba. Mapepala okulungidwa ndi kaulusi kofiira anayenda m'matebulo. Phwando lopanda nyimbo yopekedwa ndi achibale si phwando, ndipo imeneyi inasindikizidwa miyezi iwiri yapitayo, zinthu zisanaipe. Ragna anamasula pepala lake. Pansi pake panali dzina la wolemba: Sidsel.

Anthu anayamba kuimba, mawu ali ochepa ngati mapemphero a pakati pa sabata. Ndime yoyamba inali ya thalakitala ya agogo imene imatulutsa utsi kuposa sitima. Yachiwiri inali ya agogo kuba shuga m'khitchini. Yachitatu inali ya kamtsikana kakuopa njinga, agogo akuthamanga pambuyo pake, akukuwa kuti usaope, ndakugwira, sindikusiya.

Ragna anayang'ana kutebulo lalikulu. A Ejnar sankaimba. Pepala analigwira ndi manja awiri, koma maso awo anali pampando wopanda munthu umene unali pambali pa Ragna.

Mtsikanayo anapisa dzanja m'thumba la diresi n'kugwira foni. Chithunzi chathunthu, chosadula, chinali momwemo. Kawiri konse anafuna kuchifufuta, koma chala chinakana.

Nyama inabwera, inapita. Olankhula anayi analankhula. Onse ananena za nyengo, za mitengo ya maapozi, za mmene msewu unalili kale. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti Ejnar ndi munthu wabwino. Ankayenda mozemba ngati anthu odutsa pabwalo la matope atavala nsapato zatsopano.

5. Tambula ndi supuni

Itadutsa 3 koloko, a Preben anapinda mndandanda wawo.

"Olankhula atha. Ayisikilimu asanabwere, mwini tsiku ali ndi mawu."

A Ejnar anaimirira pang'onopang'ono, atatsamira tebulo. Anatulutsa pepala m'thumba, analiyang'ana, n'kulibwezera momwemo.

"Zikomo pobwera," anatero.

Mawu aja omveka kuchokera kudoko mpaka kutchalitchi sanafike n'kutebulo lachitatu lomwe.

"Ndinakonza zambiri zoti ndinene. Koma ndaona kuti... ndili ndi zaka 80, ndipo sindikudziwa kuti munthu amanena chiyani kuti anzake amukhulupirire. Idyani ayisikilimu."

Anakhala pansi.  Wina anakhosomola. Atsikana a kukhitchini anayamba kutuluka ndi mbale.

Ngwe, ngwe, ngwe!

Mitu yonse inatembenuka. Ragna anali ataimirira, supuni ili m'dzanja. Pakhomo la khitchini Malte anabwerera m'mbuyo n'kuzimiririka.

"Ragna, khala pansi," anatero a Bodil chapansipansi.

"Waliza tambula," anatero a Preben. "Alankhule."

Ragna anaika supuni patebulo. 

"Pepala lija... ndinajambula ndine."

Palibe anasuntha.

"Sanajambule munthu wa m'sitima ayi. Ndinalowa m'chipinda cha amayi iwo atapita kusitolo. Amayi amabwereka mayina a anthu polemba, kenaka amawachotsa. Ine ndinkadziwa zimenezo kuyambira kale. Pamwamba pa pepalalo panali chaka, 1768. Ndinachidula. Ndinadula dala, kuti nkhaniyo ioneke ngati ya masiku ano, kuti mnzanga wina asandiseke. Atandifunsa ngati ndi agogo ake a Sidsel, sindinayankhe."

"Mwanayu amuphunzitsa zonena," anatero mlimi uja, osati mokweza, koma aliyense anamva.

"Sanandiphunzitse! Amayi ndinawanamiza. Chithunzi chathunthu ndi ichi. Pansi pakepo foni inalemba yokha tsiku ndi ola limene ndinajambula. Onani nokha."

Anapereka foniyo kwa mlimiyo. Bamboyo anavala magalasi, anayang'ana, anayang'ananso, n'kupatsira mkazi wake. Mayiyo anagwira pakamwa. Foni inayamba kuyenda dzanja ndi dzanja, tebulo ndi tebulo, ndipo paliponse pamene yafika pankamveka kakuti "Mayo ine."

Ragna anatembenukira kutebulo lalikulu.

"Agogo, munandiphunzitsa njinga. Ine ndakuchitirani izi. Pepani."

Zitatero anayang'ana amayi ake, ndipo apa ndi pamene misozi inatuluka. A Bodil sanakalipe. Kukalipa kukanakhalako bwino.

"Ndinakufunsa, Ragna," anatero. "Ndinakufunsa ndikukuyang'ana m'maso."

Kenaka nawonso anaimirira, osaliza tambula.

"Ejnar, mwanayu wanena zake, koma mlandu suli pa iye yekha. Dzina lako ndinalitenga ine, osakupempha. Zaka makumi awiri ndakhala ndikulemba za anthu amene ankatenga za eni ake chifukwa choti angathe. Nanenso ndachita zomwezo, nditakhala patebulo langa. Undikhululukire."

6. Makhadi 31

Anthu ife! Mukanaona mmene holo inasinthira. Amene ankayang'ana m'mbale masana onse anadzuka n'kukaunjikana kwa a Ejnar. Uyu akuwagwira dzanja, uyo akuwasisita paphewa. "Ine sindinakhulupirirepo." "Ine ndinauza mkazi wanga tsiku loyamba kuti ndi bodza." Mlimi uja ndiye anatsogolera kufuula kowafunira moyo wautali, katatu konse, mpaka mawindo ananjenjemera. Chikhala kuti onsewo sanakhulupirire, mbendera zija zikanakhala zinayi?

A Ejnar anagwira dzanja la aliyense, koma sanamwetulire. Gulu litachepa anatenga ndodo yawo n'kuyamba kuzungulira matebulo. Pampando uliwonse wopanda munthu ankaima, n'kutola khadi, n'kupitirira.  Ayisikilimu ankasungunuka m'mbale.

Anamalizira patebulo la Ragna. Anatola khadi la pambali pake n'kuliika pamwamba pa enawo.

Ragna anaimirira.

"Mwana iwe," anatero a Ejnar, ndipo mawu awo anali atabwererako pang'ono. "Wachita chinthu cholimba lero, sindikuchepetsa. Akuluakulu ambiri m'holo muno sakanatha. Koma usaganize kuti wamaliza. Amene akumva ndi amene anabwera, ndipo amene anabwera ndi aja amene anali asanandisiyiretu. Nanga awa?"

Anakweza makhadiwo.

"Awa sanamve kanthu. Mawa amva kwa anzawo, inde, koma amva zoduladula ngati chithunzi chako chija. Wina adzati mwanayo amukakamiza mayi ake. Wina adzati Ejnar wamuopseza, si munthu woopsa uja? Chithunzi chako chinazungulira chilumba madzulo amodzi, iwe utakhala pabedi. Izi zoonazi sizidzayenda choncho. Uzinyamule wekha, khomo ndi khomo, ndipo usatume foni. Ugogode, udikire, uime pomwepo ngakhale akutsekere chitseko. Makhadi awa ndinalemba masiku atatu ndi dzanja lonjenjemerali. Ndikufuna aliyense alandire lake kuchokera m'dzanja lako, amve pakamwa pako zimene wanena muno. Ukamaliza onse ubwere kwathu. Za kukhululuka tikakamba tsiku limenelo."

"Ndipita, Agogo."

"Yambira kwa uyu."

Anamuika makhadiwo m'manja. Ragna sanafunikire kuwerenga la pamwambalo, koma anawerenga. Zilembo zake zinali zazikulu kuposa za makhadi ena onse, ndipo pakona a Ejnar anajambulapo kanjinga.

"Enawo ndingathe kuwadikira," anatero a Ejnar. "Uyu ayi. Akakwera sitima ija akuganiza kuti agogo ake ndi munthu wa papepala lija, sindikudziwa ngati ndidzamuonanso."

Ragna anayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti 4 koloko ikwane.

"Ukudikira chiyani?" anakuwa a Preben. "Thamanga, iwe!"

Anathamanga. Nsapato za phwando anazitaya pakhomo la holo, anakwera njinga wopanda nsapato, diresi atalipinda m'maondo. Anadutsa sitolo, anadutsa sukulu, anadutsa mitengo yonse ija yopanda mbendera. Mtunda wa kutchalitchi anaukwera ataimirira.

Atafika pamwamba anaona doko lonse pansi pake. Sitima inali itatsegula kale chitseko chake, galimoto zikulowa imodziimodzi. Yachitatu pamzere inali yabuluu, ya mayi ake a Sidsel, masutikesi atamangidwa padenga.

Ragna anagwira mabuleki n'kupisa dzanja m'thumba kuti akonzeretu chithunzi chija. Munali makhadi okha. Foni inatsala m'holo, m'manja mwa anthu.

Anayang'ana kumbuyo. Kupita kuholo n'kubwerera zinali mphindi khumi, mwinanso kuposa. Anayang'ana kutsogolo. Popanda foniyo analibe umboni wina woti aonetse Sidsel koma pakamwa pake, pakamwa pomwe panakhala pakunama milungu itatu.

Sitima inalira koyamba. Sitima yathu imalira kawiri kokha, kenaka n'kunyamuka.

Ragna analuma khadi la Sidsel ndi mano, anagwira zigwiriro ndi manja onse awiri, n'kusiya mabuleki.